Buku la zithunzi la masamba 24: mmene limapangidwira kuti mwana wa mu Lusaka adzionemo

Mabuku ambiri a zithunzi amene amafika m'manja mwa ana athu mu Lusaka amabwera m'makatoni kuchokera kunja. Mumawapeza atayalidwa m'mbali mwa Cairo Road, ku Kamwala ndi m'mashopu akuluakulu. Mapepala ake ndi olimba, mitundu yake yowala, koma mukatsegula mumapeza basi yachikasu ikudzatenga ana pakhomo, chipale chofewa pabwalo la sukulu ndi chimbalangondo chikuphunzitsa masamu. Mwana wa ku Chawama kapena ku Mtendere amasangalala nawo ndithu, ndipo asatayidwe. Koma pambali pake payenera kukhala mabuku atsopano opangidwa kuno, onena za sukulu imene iye amapita, anzake amene amasewera nawo ndi nyama zimene agogo ake amazitchula m'nthano. Mphunzitsi wa kunazale, kholo ndi wachinyamata wodziwa kujambula atagwirizana angathe kutulutsa makope 30 abwino popanda kudikira kampani yosindikiza. Ambiri amene amayesa amalakwitsa poyambirira penipeni: amayamba kujambula asanawerenge masamba.

Pepala limodzi la A4 mukalipinda pakati limapereka masamba 4 a A5. N'chifukwa chake buku lomangidwa pakati liyenera kukhala ndi masamba 16, 20, 24, 28 kapena 32. Nkhani ikakwana masamba 26, mudzakhala ndi masamba awiri opanda kanthu kapena mudzadula nkhaniyo mwachisawawa pa tsiku losindikiza. Mabuku ambiri a zithunzi a m'mashopu amakhala ndi masamba 32. Kwa oyamba kumene, 24 ndiwo abwino: mapepala 6 ndi chikuto. Tsamba 1 ndi la mutu wa buku, tsamba 24 ndi la chithunzi chotsekera, ndipo pakati pamatsala malo 11 a masamba awiriawiri oyang'anizana, kuyambira 2 ndi 3 mpaka 22 ndi 23. Nkhani yonse iyenera kukwana m'malo 11 amenewa.

Tengani mapepala 6 akale, ngakhale olembedwa mbali imodzi, muwapinde, mulembe manambala 1 mpaka 24. M'kabuku koyeserera kameneka lembani mawu ndi pensulo, ndipo anthu muwajambule ngati timitengo. Musapitirire apa mpaka kabukuka katawerengedwa mokweza kangapo. Kakuonetsani chinthu chimene kompyuta singakuonetseni, ndicho kutembenuza tsamba. Masamba 3, 5, 7 ndi ena otero amakhala kudzanja lamanja, ndipo mwana saona za kuseri kwake mpaka atatembenuza. Funso liikeni kumanja, yankho kuseri. "Go! Go! Go! Ndani akugogoda pachitseko cha kalasi?" likhale pa tsamba 5, Kamba wochedwa kusukulu aonekere pa tsamba 6. Mukaika funso ndi yankho pamasamba oyang'anizana, maso a mwana afika kale pa Kamba inu musanamalize kufunsa, ndipo kukoma konse kwatha.

Musanalembe chiganizo choyamba, dziwani kuti bukulo aziwerenga ndani. Pali buku limene wamkulu amawerengera mwana, palinso limene mwana wa Giredi 1 kapena 2 amadziwerengera yekha. Loyambalo lingakhale ndi mawu 200 mpaka 400, mawu aatali ndi okoma pakamwa, ngakhale kanyimbo. Lachiwirilo likhale ndi chiganizo chimodzi kapena ziwiri pa tsamba, mawu onse pamodzi osapitirira 120. Chinyanja chimamangirira zambiri m'liwu limodzi, motero musawerenge mawu okha, werenganinso maphatikizo. "Sanamuperekezenso" ndi liwu limodzi, koma lili ndi maphatikizo 8, ndipo mwana amene akuwerenga ndi chala adzafika kumapeto ataiwala poyambira. Woyamba kuwerenga mpatseni mawu a maphatikizo awiri mpaka anayi monga galu, mama, sukulu, kalulu. Zilembo zounjikana monga nkhw, mph ndi ng' zibwere pang'onopang'ono, ndipo liwu lovuta likalowa libwerezedwe katatu kapena kanayi kuti mwana alizolowere. Mabuku ambiri opangidwa ndi mtima wabwino amagwera pakati: ndi ovuta kwa mwana, komanso ndi ouma kwa wamkulu wowerenga mokweza.

Nkhani ya kusukulu imafuna vuto laling'ono limene kwa mwana ndi lalikulu. Sukulu zimatsegulidwa mu January mvula ili pakati. Pali matope panjira, nsapato zatsopano zoluma chidendene, yunifomu yogulidwa yaikulu kuti ikwane zaka ziwiri. Kuyambira 2022 pamene boma linachotsa malipiro m'sukulu zake, makalasi anadzaza, ndipo ana atatu kapena anayi pa desiki imodzi si chachilendo. M'menemo muli nkhani zambiri. Mwana akufuna kupita kuchimbudzi koma akuopa kukweza dzanja. Pensulo yatayika tsiku loyamba. Chitumbuwa chagwera m'matope nthawi yopuma isanakwane. Sankhani vuto limodzi basi. Buku limene likufuna kuphunzitsa kusamba m'manja, kulemekeza aphunzitsi, kuwoloka msewu ndi kubzala mitengo m'masamba 24 silikhalanso nkhani, limasanduka chikalata cha malangizo, ndipo ana amachizindikira msanga.

Nkhani ya ubwenzi mu Lusaka ili ndi chuma chimene mizinda yambiri ilibe. M'kalasi imodzi muli Chikondi, Mutinta, Mapalo ndi Inonge, aliyense ndi chilankhulo cha kunyumba kwawo. Tiyerekeze mtsikana amene wangofika kuchokera ku Mongu ndipo wayamba Giredi 1 ku Matero asakudziwa Chinyanja. Masamba 2 mpaka 5 amuonetse iye ndi sukuluyo. Pa 6 ndi 7 vuto lionekere: belu lalira, anzake onse balala kupita pabwalo, iye watsala yekha pakhonde. Kuyambira 8 mpaka 15 ayese katatu kulowa m'gulu, ndipo alephere mosiyanasiyana. Ku masewera a waida wakodwa m'chingwe, ku chidunu sanamve malamulo, ku mpira palibe womupatsira. Masamba 12 ndi 13 ndiwo okhawo amene amakhala pa pepala limodzi losadukiza, choncho chithunzi chachikulu cha bwalo lonse chiikeni pamenepo. Pa 16 ndi 17 zinthu zifike poipa, akhale pansi pa mtengo wa mango ali zii. Kenako atole timiyala ayambe chiyato yekha, mwana wina aime n'kumayang'ana, akhale pansi, aponye mwala wake. Chiyato sichifuna chilankhulo. Masamba otsalawo ndi a masewerawo ndi ulendo wobwerera kunyumba, ndipo pa 24 pangakhale chithunzi chopanda mawu cha timiyala tija m'thumba la yunifomu.

Onani kuti aphunzitsi sanathetse vutolo. Uku ndiko kulakwitsa kumene kumabwera kawirikawiri m'zolemba za ife akuluakulu: pa tsamba 20 aphunzitsi amalowa, amadzudzula kalasi, ana onse amapepesa. Mwana womvera nkhaniyo amaphunzirapo kuti iye sangachite kanthu mpaka wamkulu atabwera. Aphunzitsi akhalemo, akhale achifundo, koma chochita chomaliza chichokere kwa mwana. Ndipo tsamba lomaliza lisakhale ndi "Phunziro la nkhaniyi ndi lakuti". Ngati mukufuna kuti mwambi wa mutu umodzi susenza denga umveke, uonekere m'zimene anawo achita.

Kubwereza ndi mnzanu wamkulu. Nthano zathu zinadziwa kale zimenezi: wokamba akati "Padangokhala", omvera amayankha "Tili tonse", ndipo kanyimbo kamabwera nthawi ndi nthawi kuti aliyense alowemo. Buku lowerengedwa mokweza likhale ndi mzere umodzi wobwerabwera umene ana angaulande pakamwa pa wowerenga akafika kachitatu. Musaopenso mawu ojambula zochitika. Chule akagwera m'madzi, chubwi! Mphaka akamayandikira, nyang'anyang'a. Mwana wambuzi wongobadwa kumene, dzandidzandi. Mawu oterewa amatha msanga m'nkhani zomasuliridwa kuchokera ku Chingerezi, ndipo ndiwo amene ana amayamba kuwaloweza.

Pa nyama ndipo pofunika kukhalitsa, chifukwa zolakwa zake zimaoneka poyera. Wojambula akatsegula intaneti n'kutengera chithunzi choyamba chimene wapeza, njovu imatuluka ndi timakutu ting'onoting'ono ta njovu za ku Asia, pamene yathu ili ndi makutu aakulu otambalala. Pansi pa nyama ya mizeremizere ya ku India pamalembedwa kuti nyalugwe, pamene nyalugwe wathu ndi wa mawangamawanga. Nkhwazi, imene ili pa mbendera ya dziko lino, ili ndi mutu ndi chifuwa choyera, thupi lofiirira ndi mapiko akuda. Fisi ndi wamtali kutsogolo, msana wake umatsetsereka kupita kumbuyo. Kalulu wa m'nthano ndi wa kutchire, wa makutu aatali ndi miyendo yakumbuyo yaitali, osati kalulu woyera wa m'khola. Wojambula amene ali mu Lusaka alibe chifukwa cholotera nyama. Ku Munda Wanga ku Chilanga ndi ku Lusaka National Park, imene inatsegulidwa mu 2015, angathe kukhala tsiku limodzi ndi kope lake akuona mmene mbidzi imaimira ndi mmene nyani amagwirira mwana wake.

Nyama iliyonse imabwera ndi mbiri yake. Ana amene anamvapo nthano amadziwa kuti Kalulu ndi wochenjera, Fisi ndi wadyera, Kamba ndi wodekha. Mukamupanga Kalulu kukhala bwenzi lokhulupirika kuyambira tsamba loyamba, ana adzadikirabe chinyengo chake. Chiyembekezo chimenecho mungachigwiritse ntchito: nyama zonse zikukana kukhala desiki imodzi ndi Fisi chifukwa cha mbiri ya makolo ake, kenako zipeza kuti Fisi wamng'onoyu amagawa chakudya chake. Kadzidzi ndi nkhani ina. M'mabuku akunja ndiye mphunzitsi wanzeru wovala magalasi, koma kuno m'mabanja ambiri kulira kwake kumaopedwa, ndipo agogo ena sadzalola buku lotere kulowa m'nyumba. Mukamufuna kadzidzi, mulowetseni mukudziwa zimenezi. Bilimankhwe naye amaopedwa ndipo ana amamugenda, chonsecho alibe ululu uliwonse. Buku lomuonetsa akuyenda pang'onopang'ono pa nthambi, diso lina kutsogolo lina kumbuyo, lingapulumutse abilimankhwe ambiri.

Musaiwale nyama zimene mwana wa mukomboni amaziona tsiku ndi tsiku: nkhuku ndi anapiye ake, mbuzi, buluzi pakhoma, achule m'ngalande, ngumbi zozungulira getsi mvula yoyamba ikagwa. Pa galu samalani. Matenda a chiwewe alipo m'dziko muno, choncho musajambule mwana akukumbatira galu wosamudziwa amene wakumana naye panjira. Galu wa m'nkhani akhale wapakhomo, ndipo zionekere kuti ndi wapakhomo.

Za kalembedwe. Chinyanja ndicho chilankhulo chakwathu chimene chimaphunzitsidwa m'sukulu za boma mu Lusaka ndi ku Eastern Province, ndipo mabuku a sukulu amatsata kalembedwe kamene Unduna wa Maphunziro unavomereza mu 1977. M'kalembedwe kameneko amalemba cifukwa, cakudya ndi nchito, pamene mabuku a ku Malawi amalemba chifukwa, chakudya ndi ntchito. Wamkulu amawerenga zonse mosavutika. Mwana wa Giredi 1 amene dzulo waphunzira ca, ce, ci, co, cu amasokonezeka. Buku lodziwerengera lopita m'kalasi ya mu Lusaka litsate kalembedwe ka m'mabuku a sukuluyo kuyambira chikuto mpaka kumapeto, ndipo mphunzitsi wa Giredi 1 aliwerenge lisanasindikizidwe. Njovu kapena njobvu, sankhani chimodzi. Palinso nkhani ya Chinyanja cha mutauni. Mwana wa ku Kanyama amati manje ndi maningi, ndipo liwu ngati "kawirikawiri" mwina sanalimvepo. Maganizo anga ndi akuti wofotokoza nkhani alankhule Chinyanja cha m'buku chosavuta, koma ana a m'nkhanimo akamalankhulana aloledwe liwu limodzi kapena awiri a pabwalo. Liwu lakuya limene mukufuna kuti mwana aliphunzire liikeni pamene chithunzi chikulimasulira.

Zilembo zikhale zooneka ngati zimene aphunzitsi amalemba pabolodi, makamaka a ndi g. Andika, mtundu wa zilembo wopangidwa ndi bungwe la SIL, unapangidwira oyamba kuwerenga ndipo ndi waulere. Kukula kwake pa kompyuta kukhale 20 mpaka 24 m'buku lodziwerengera, 16 mpaka 18 m'buku lowerengeredwa. Musalembe ziganizo m'zilembo zazikulu zokhazokha, musadule liwu kumapeto kwa mzere, ndipo mawu akhale pamalo oyera. Mawu akuda olembedwa pamwamba pa udzu wobiriwira amaoneka bwino pa kompyuta, koma papepala amamira.

Chithunzi chisangobwereza zimene mawu anena. Mawu akati "Sindikuopa," chithunzi chionetse tizala titagwira siketi ya amayi zolimba. Mpata umene uli pakati pa mawu ndi chithunzi ndi umene umapangitsa mwana kuloza n'kunena kuti "Akunama, akuopa!" Wojambula ayambe ndi pepala limodzi la mwana wa m'nkhaniyo: kutsogolo, m'mbali, kumbuyo, akuseka, akulira. Popanda pepala limeneli mtsikana amene anali ndi mangongo anayi pa tsamba 4 amapezeka ndi asanu ndi limodzi pa tsamba 14, ndipo ana amawerenga. Nkhope ndi manja zikhale patali ndi mpindiro wa pakati, sentimita imodzi kapena kuposa, kuti zisamezedwe.

Khungu lakuda limafuna chisamaliro chapadera posindikiza. Kompyuta imawala kuchokera mkati, pepala siliwala, ndipo inki imafalikira pang'ono papepala losasalala. Bulawuni amene amaoneka bwino pa foni amatuluka wakuda kwambiri, maso, mphuno ndi pakamwa n'kusowa. Njira yake ndi kupenta khungu mowalirapo kuposa mmene mukufunira, kusiya kuwala pamphumi ndi pamasaya, ndi kusindikiza tsamba limodzi loyesera pa makina omwewo ndi pepala lomwelo musanalipire makope onse. Zithunzi zojambula pamanja zilowe m'kompyuta pa 300 dpi, ndiko kuti madontho 300 pa inchi imodzi. Ngati mukuzijambula ndi foni, chitani panja pamthunzi masana, pepala lili gwa pansi, foni ili molunjika pamwamba pake. Potumizirana pa WhatsApp tumizani ngati document, chifukwa mukatumiza ngati chithunzi wamba chimafinyidwa ndipo chimatuluka chosaoneka bwino. Kwa osindikiza pitani ndi PDF imene zilembo zake zatsekeredwa mkati. Mukapita ndi fayilo ya Word, kompyuta yawo imasintha zilembo, mizere imasuntha, ndipo ŵ, ngati mumamulemba, angathe kusanduka kabokosi.

Makina a muofesi ndi a m'mashopu ang'onoang'ono sasindikiza mpaka m'mphepete, amasiya mzere woyera wa mamilimita 4 kapena 5. Konzani zithunzi zanu kuti zikhale ndi malire oyera mwadala. Ngati mukupita kwa osindikiza amene amadula mapepala, chithunzi chipitirire malire a tsamba ndi mamilimita 3 mbali zonse kuti mpeni ukaphonya pang'ono pasaoneke kamzere koyera. Pepala wamba la 80 gsm (gsm ndi muyeso wa kulemera kwa pepala) limaonetsa chithunzi cha kuseri ndipo limang'ambika msanga. Mkati ikani la 120 mpaka 150 gsm, chikuto 250 mpaka 300 gsm chokutidwa ndi pulasitiki wopyapyala. Sankhani makina a laser. Inki ya makina a inkjet ambiri imasungunuka ikakhudzidwa ndi dontho la mvula kapena chala chonyowa. Makope ochepa, 30 kapena 100, ndi a makina a digito. Makina akuluakulu a offset amayamba kutsika mtengo mukafika makope mazana angapo kupita m'tsogolo. Ndalama zikachepa, zithunzi za mizere yakuda yokha zopangidwa fotokope zimagwira ntchito, ndipo ana amazipaka okha mitundu.

Poyala masamba pa pepala, manambala awiri oyandikana aziphatikizana kukhala 25. Pepala loyamba kunja kuli 24 kumanzere ndi 1 kumanja, mkati muli 2 ndi 23. Lachiwiri lili ndi 22 ndi 3, kuseri 4 ndi 21, choncho mpaka 12 ndi 13. Masulani kabuku koyeserera kaja muone, manambala ali kale m'malo mwake. Posindikiza mbali zonse ziwiri uzani makina kuti atembenuzire pepala ku mbali yaifupi, apo ayi theka la masamba lidzatuluka chadodolido.

Sitepula wamba safika pakati pa A4, pamafunika wa mkono wautali. Komabe mawaya ake amachita dzimbiri nthawi ya dzinja, pepala lapakati limathothoka, ndipo nsonga zake zimabaya tizala. Kusoka ndi ulusi kumalimba kuposa. Boolani mabowo atatu pa mpindiro, limodzi pakati, ena awiri masentimita 4 kuchokera kumwamba ndi kumunsi. Dulani ulusi wolimba wotalika katatu kuposa msana wa buku. Yambirani mkati: tulukani pa bowo lapakati, lowani pa lakumwamba, dumphani lapakati mutulukire pa lakumunsi, mulowenso pa lapakati. Nsonga ziwirizo zikhale uku ndi uku kwa ulusi wautali uja, mumange mfundo pamwamba pake. Mudzaona kuti mapepala amkati atulukira kunja pang'ono kuposa akunja. Tsekani buku, ikani rula yachitsulo, dulani ndi mpeni wakuthwa, ndipo ngodya zake muzizungulize ndi sizasi. Ana osakwana zaka zitatu amaika buku m'kamwa, choncho awo apatsidwe la makatoni olimba kapena la nsalu, lopanda waya ngakhale umodzi.

Kope loyamba likatuluka, liyeseni pa ana asanu kapena asanu ndi mmodzi amene sakukudziwani bwino, ndipo awerenge munthu wina, inu muzingoyang'ana nkhope zawo. Tsamba limene maso awo athawira pawindo lili ndi mawu ochuluka kapena palibe chikuchitika. Kenako phimbani mawu, mupemphe mwana mmodzi akambe nkhaniyo poona zithunzi zokha. Pamene wakakamira, chithunzi chikusowa kanthu.

Amene alibe wojambula asagwe mphwayi. African Storybook ya bungwe la Saide ku South Africa, StoryWeaver ya Pratham Books ku India ndi Book Dash ya ku South Africa zili ndi mabuku a zithunzi amene amaloledwa kukopera, kumasulira ndi kusindikiza pansi pa ziphaso za Creative Commons. Werengani chiphaso cha buku lililonse, chifukwa zina siziloleza kugulitsa, ndipo mayina a wolemba ndi wojambula asachotsedwe. Buku lanulanu mukafuna kuligulitsa m'mashopu lifunika ISBN, nambala yozindikirira buku, ya Zambia imayamba ndi 978-9982, ndipo lofuna kulowa m'sukulu za boma limayamba laonedwa ndi a Curriculum Development Centre a ku Unduna wa Maphunziro. Ndi wojambula lemberanani pangano ntchito isanayambe: zithunzi zingati, malipiro angati, ndani mwini zithunzizo, ndiponso kuti dzina lake likhala pachikuto pamodzi ndi la wolemba.

Mabuku akatha kusokedwa asaikidwe m'katoni pansi. Chinyezi cha simenti, chiswe ndi madzi olowa m'nyumba nthawi ya mvula zimawamaliza m'nyengo imodzi. Chidebe cha pulasitiki chokhala ndi chivindikiro, choikidwa pa tebulo kapena pa shelefu yofikira ana, chimakwana makope 40 a A5. Pa makope 30 alionse sungani awiri osagwiritsa ntchito pamodzi ndi PDF ija, kuti ong'ambika azisindikizidwanso. Otsalawo azipita kunyumba Lachisanu m'kathumba ka pulasitiki, dzina la mwana litalembedwa m'kope, n'kubwerera Lolemba.